Kuyeza ndi pensulo ngati maginito angaphulitse nyenyezi

Ine ndisanakhulupirire chithunzi cha pakompyuta chosonyeza nyenyezi ikuphulika, ndimayamba ndatenga pensulo.

Tengani nyenyezi yolemera kuposa Dzuwa ka 8 kapena kupitirira. Mafuta ake akatha, phata lake lachitsulo limagumukira mkati sekondi imodzi isanakwane. Lembani kukula kwa phatalo lisanagwe ndiponso litagwa. Tiyerekeze kuti lachoka pa makilomita 1,000 kufika pa 10, ndiye kuti lachepa ka 100. Magetsi amadutsa mosavuta m'phatamo, choncho mizere ya maginito imamatirira ku zinthuzo n'kufinyika nazo pamodzi. Popeza malo amene mizereyo ikudutsa achepa m'litali ndi m'lifupi momwe, chulukitsani 100 ndi 100: maginito akula ka 10,000. Mphamvu ya maginito imayezedwa mu gauss: mukayambira pa gauss 10^9 (1 wotsatiridwa ndi maziro 9) mufika pa 10^13. Zikuoneka zambiri, koma nyenyezi zotchedwa magnetar, zomwe ndi maphata ogumuka okhala ndi maginito amphamvu zedi, zimafika 10^15.

Kenako funsani ngati phatalo likuzungulira mwaliwiro. Mkati mukamathamanga kuposa kunja, mizere ija imapotana ngati chingwe, ndipo kusakhazikika kumene asayansi Balbus ndi Hawley anafotokoza mu 1991 kumakuza maginito mofulumira zedi. Zikatero, zinthu zimatha kulavulidwa kumitu iwiri ya nyenyezi, monga asayansi LeBlanc ndi Wilson anapezera pakompyuta mu 1970. Ngati likuzungulira mwaulesi, ntchito yaikulu isiyireni ma neutrino, tinthu ting'onoting'ono zedi totuluka m'phatamo, timene timanyamula pafupifupi 99 peresenti ya mphamvu yonse.

Pa resistivity ndi pamene ndimakhalitsa. Uku ndi kukana kwa chinthu kuti magetsi adutse. Kukakula, mizere imatsetsereka, imaduka n'kulumikizana mwina, mphamvu yake n'kusanduka kutentha m'malo mokankha. Chulukitsani liwiro la zinthu ndi kukula kwa dera, mugawe ndi resistivity yoyezedwa ngati kufalikira kwa maginito. Yankho likaposa 1 kutalitali, mizere ikugwirabe. M'phata lenileni limaposadi kutalitali.

Vuto ndi kompyuta. Imadula nyenyezi m'timabokosi, ndipo chilichonse chaching'ono kuposa kabokosi kamodzi chimafufutika. Kufufuta kumeneko kumachita ngati resistivity yabodza, yoposa yeniyeni kwambiri, ndipo kungafooketse maginito amene akanakula. N'chifukwa chake ndikaona chithunzi chokongola ndimafufuza chinthu chimodzi: kodi anabwereza ntchitoyo ndi timabokosi tating'ono, theka la kukula kwa toyamba tija? Ngati maginito anakulanso atatero, nambala imene anapeza poyamba ija ndimaifufuta.