Mmene mungadutsire chaka choyamba cha maphunziro a udokotala ku Blantyre

Dzina lanu likangotuluka pa mndandanda wa ophunzira amene asankhidwa kukaphunzira udokotala, anthu akwanu amayamba tsiku lomwelo kukutchulani kuti adokotala, ndipo azakhali amene sanakuimbirenipo foni chibadwire chanu amayamba kukufotokozerani za miyendo yawo imene imatupa madzulo. Ulemu umenewu ndi wokoma, koma umabisa chinthu chimodzi chimene muyenera kuchidziwa musanakwere basi yopita ku Blantyre. Njira imene inakupezetsani mapointi abwino pa mayeso a MSCE, ija yoloweza zonse mayeso atatsala milungu itatu, miyendo mutaviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisakugwireni, siidzakuthandizani kuno. Ophunzira ambiri amene amavutika m'chaka choyamba si operewera nzeru ayi, koma amachedwa kuzindikira kuti ntchito yasintha ndipo kagwiridwe kake kayeneranso kusintha.

Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre inayamba mu 1991 ngati College of Medicine pansi pa University of Malawi, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences pamodzi ndi imene inali Kamuzu College of Nursing. Ili pa msewu wa Mahatma Gandhi, kufupi ndi Ginnery Corner, moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth Central chimene anthu a mumzindawu amangochitcha kuti ku Queens kapena ku Gulupu. Digiri ya MBBS imatenga zaka zisanu, kuwonjezera pa chaka chokonzekera chimene ochokera ku sekondale amayamba adutsamo, ndipo mukamaliza mumakagwirabe ntchito moyang'aniridwa musanapatsidwe chilolezo chonse ndi Medical Council of Malawi. Ndatchula zimenezi kuti muone kutalika kwa ulendo, chifukwa amene amathamanga ngati wapita kukagula mchere pa golosale amafika mwezi wachinayi atatheratu.

Chimene chimadabwitsa aliyense poyamba ndi kuchuluka kwa zinthu, osati kuvuta kwake. Palibe chozizwitsa pa mfundo yakuti munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, kapena kuti pali mitsempha khumi ndi iwiri mbali iliyonse imene imachokera mu ubongo, koma fupa lililonse lili ndi mabowo, mizere ndi tinsonga tokhala ndi mayina ake, ndipo mtsempha uliwonse uli ndi kumene ukuchokera, kumene ukudutsa, chimene ukugwira ndi chimene chimachitika ukaduka. Zimene mphunzitsi wa Biology ku sekondale ankaphunzitsa teremu yonse, kuno zimatha Lachiwiri m'mawa nthawi ya tiyi isanakwane, ndipo masana pamabwera wina wa biochemistry ndi zake. Choncho lamulo loyamba ndi lakuti zimene mwaphunzira lero muzibwereze lero lomwe, ngakhale kwa mphindi makumi atatu pa phunziro lililonse. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kale mu 1885 kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira atangophunzira chinthu, ndipo kuiwalako kumachepa akamachibwereza patapita nthawi. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti kubwereza phunziro usiku womwewo, kenako patapita masiku atatu, kenakonso patapita mlungu, kumapindula kuposa kulikhalira maola asanu ndi limodzi kamodzi kokha mayeso atayandikira.

Koma kubwerezako kuli ndi kachitidwe kake, ndipo apa ndi pamene ine ndinapunthwa. Ndinkawerenga tsamba limodzi kanayi, kulilemba mizere ndi cholembera chachikasu mpaka tsamba lonse kuoneka ngati dzungu, ndipo ndikatseka buku ndinkamva mumtima kuti ndadziwa. Mayeso oyamba a anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi, anandisonyeza kuti ndinali nditangozolowera maonekedwe a tsambalo. Aphunzitsi anaika kasingano pa kachinthu koyera kumtunda kwa mkono wa mtembo kuti tikatchule dzina, belu linalira kuti tisunthire pa tebulo lotsatira, ndipo ine ndinachoka ndisanalembe kanthu ngakhale kuti chithunzi cha m'buku ndinkachiona bwinobwino m'maganizo, ndi nambala ya tsamba lomwe. Kuyambira pamenepo ndinasintha: ndikawerenga ndinkatseka buku, kutenga pepala lopanda kanthu, ndi kujambula brachial plexus, mitsempha yolukana imene imachokera m'khosi kupita ku mkono, kuchokera pa C5 mpaka T1 popanda kusuzumira, kenako n'kutsegula kuti ndione pamene ndalakwitsa. Kudzifunsa kotereku kumapweteka chifukwa kumakuonetsani umbuli wanu tsiku ndi tsiku, koma ndi bwino kuuona muli nokha m'chipinda kusiyana ndi kuuona belu likulira. Amene ali ndi foni yabwino angagwiritse ntchito Anki, pulogalamu imene imakubweretserani mafunso pa nthawi imene mwatsala pang'ono kuwaiwala, koma timapepala todula kuchokera ku katoni ya sopo, funso kutsogolo yankho kumbuyo, timagwira ntchito yomweyo ndipo sitifuna bandulo kapena magetsi.

Mawu a Chilatini ndi Chigiriki asakuopseni, chifukwa ambiri ndi omangidwa ndi tizidutswa tochepa timene timangobwerezedwa. Mukadziwa kuti hepat ndi chiwindi, nephr ndi impso, ndipo itis ndi kutupa, mawu akuti hepatitis ndi nephritis simufunikanso kuwaloweza. Foramen ndi bowo basi, ndipo biceps ndi mnofu wa mitu iwiri. Ndikulangizaninso kuti mukhale ndi kabuku kena kolembamo mmene anthu amatchulira zinthuzi m'Chichewa, ndipo ngati mungathe m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, popeza odwala a ku Queens amachokera ku Ndirande, Bangwe, Chiradzulu, Thyolo mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje. Mudzazindikira msanga kuti mawu athu akuti mtsempha amanyamula artery, vein, nerve ndi tendon pamodzi, ndipo mayi akadzakuuzani kuti mtima ukuwawa, mwina akuloza pa chifuwa, mwina pamwamba pa mimba, mwinanso akunena za mwana wawo amene anamwalira chaka chatha. Mayeso a chaka choyamba sadzakufunsani zimenezi, koma amene anayamba kuzisonkhanitsa msanga savutika akadzafika ku mawodi.

Njira ina yothandiza kuti zinthu zikhazikike ndi kufunsa pa mfundo iliyonse kuti kodi imeneyi ikukhudza wodwala uti amene ndinamuonapo. Mtsempha wotchedwa radial nerve umazungulira kumbuyo kwa humerus, fupa la kumtunda kwa mkono, ndipo n'chifukwa chake mnyamata wa kabaza amene wathyoka pakati pa fupali nthawi zina amalephera kudzutsa dzanja lake, limangolendewera. Madzi a Thanzi ORS amene munamwa muli mwana amathandiza chifukwa m'matumbo shuga ndi sodium zimalowa pamodzi, ndipo madzi amazitsatira. Matenda a sickle cell amayamba chifukwa cha kusintha kwa amino acid imodzi yokha, valine kulowa m'malo mwa glutamic acid pa malo achisanu ndi chimodzi a beta chain ya haemoglobin, imene imanyamula mpweya m'magazi. Mfundo ikapeza nkhope ya munthu siithawanso msanga.

Tsopano za chipinda chophunziriramo pa mitembo, chimene aliyense amachiopa asanafike. Ambiri a ife tinakulira m'mabanja amene mwana saloledwa kuyandikira mtembo, ndipo wobwera ku manda amayamba wasamba m'manja asanalowe m'nyumba, choncho si chamanyazi ngati tsiku loyamba miyendo ikunjenjemera. Chimene chidzakulandirani pakhomo ndi fungo la formalin, mankhwala osungira matupi, limene limaluma m'maso ndi m'mphuno ndipo limakakamira pa malaya mpaka ku chakudya chamasana. Idyani kanthu musanalowe, chifukwa amene amakomoka kawirikawiri ndi amene abwera ndi njala. Mukamva chizungulire tulukani, mukakhale pansi panja, ndipo mubwererenso tsiku lomwelo, popeza mantha amakula mukawapatsa usiku wonse. Sungani gawuni imodzi ya m'chipindamo yokha, m'jumbo yakeyake, ndipo ngati simunalandire katemera wa hepatitis B funsani za iye msanga musanayambe kugwira masingano ndi magazi. Chofunika koposa ndi ulemu. Amene wagona patebulopo anali mwana wa munthu, mwina kholo la wina, ndipo ndiye mphunzitsi amene adzakuonetseni zimene buku silingathe. Musamujambule, musamupatse dzina lachipongwe, ndipo nkhani zake musakazikambe mu minibasi ya ku Limbe. Ngati zimene mwaona zikukusowetsani tulo kapena zikulimbana ndi chikhulupiriro chanu, kambiranani ndi abusa, ansembe kapena ashehe anu, kapena wophunzira wamkulu amene anadutsamo, m'malo mozisunga mumtima.

Mutu umodzi susenza denga, koma gulu lowerengera limodzi liyenera kusankhidwa mosamala. Anthu atatu kapena anayi akwanira, ndipo aliyense azibwera atawerenga kale, kuti nthawi yokumana ikhale yofunsana ndi kufotokozerana, osati yoyamba kutsegula buku. Gulu la anthu khumi limasanduka bwalo lokambirana za Bullets ndi Wanderers. Amene ali m'zaka zapamwamba, makonti monga amatchulidwira, ndi chuma chachikulu kwa inu mayaro, a chaka choyamba, chifukwa amadziwa buku limene likufotokoza bwino physiology ya impso ndi mafunso amene amabwerabwera, koma musatengere aliyense amene akukuuzani kuti phunziro lakutilakuti n'losafunika kulowa. Ndipo musachite manyazi kugogoda pa ofesi ya aphunzitsi mlungu umene mwasokonezeka, osadikira kuti zotsatira zituluke. Safunsa anadya phula. Werenganinso malamulo a mayeso m'mwezi woyamba, kuti mudziwe gawo la malikisi limene limachokera ku mayeso a m'kati mwa chaka, malikisi okhozera, ndi zimene zimachititsa munthu kulemba mayeso obwereza, kubwereza chaka kapena kuchotsedwa, m'malo modalira mphekesera za m'makonde.

Za ndalama ndinena mwachidule. Ngati mukufuna ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, tsatirani masiku ofunsira ndipo mapepala onse akhale okonzeka nthawi isanathe. Ndalama ikalowa, chotsani kaye ya nyumba, chakudya ndi thiransipoti ya mwezi wonse musanagule china chilichonse. Amene mukukhala kunja kwa sukulu, ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa kapena Zingwangwa, werengerani mtengo wa minibasi ndi nthawi ya pamsewu pamodzi ndi lendi, chifukwa chipinda chotchipa chakutali chimadya maola amene simungawagule. Musagule mabuku onse amene ali pa mndandanda, yambani mwaona a ku laibulale ndi amene makonti akusiya. Khalani ndi nyali yotchaja, ndipo zofunika kuwerenga muzizisunga mu foni kapena laputopu nthawi imene intaneti ilipo, kuti magetsi akathima usiku ntchito isaime.

Thupi lanu nalo lili ndi malamulo omwewo amene mukuwerenga m'buku la physiology. Ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira pamene mukugona, choncho kuchezera usiku wonse ndi khofi mawa kuli mayeso n'kudzibera nokha. Tchipisi cha pa chiwaya tsiku lililonse chimatha ndalama ndipo sichikufikitsani patali, pamene nsima ya nyemba, usipa ndi masamba a mpiru kapena chisoso imakugwirani mpaka madzulo. Gonani m'masikito, chifukwa malungo safunsa kuti mukuphunzira chiyani, ndipo mlungu umodzi wogona ungakusiyeni m'mbuyo mitu khumi. Bweretsani juzi yeniyeni, popeza chiperoni cha mu June ndi July chimalowa mpaka m'mafupa mukakhala pa desiki m'bandakucha. Siyani theka la tsiku pa mlungu lopanda buku, mupite ku tchalitchi kapena ku mzikiti, mukaonere mpira pa Kamuzu Stadium, kapena mukwere phiri la Soche kapena Michiru ndi anzanu. Mukaona kuti kwa milungu iwiri kapena kuposerapo simukugona, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mupeze tulo, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala. Chimodzimodzi mnzanu amene wasiya kutuluka m'chipinda, mugogodereni.

Chovuta chomaliza chimachokera kunyumba, ndipo chimabwera ndi chikondi. Popeza muli pafupi ndi Queens, aliyense wa kumudzi amene watumizidwa kuchipatalako adzapatsidwa nambala yanu, ndipo foni idzalira muli m'kalasi kuti amalume afika, ali pa benchi, mubwere muwathandize kuonana ndi dokotala. Kukana n'kovuta pa chikhalidwe chathu, komanso kuvomera zonse kungakulepheretseni. Chimene chinandithandiza ine ndi kukhala pansi ndi makolo anga tchuthi choyamba ndi kuwafotokozera mwaulemu kuti sindinafike pololedwa kupima munthu kapena kulemba mankhwala, kuti sindingadumphitse wina pa mzere, koma kuti ndikhoza kukazonda wodwala ndikaweruka ndi kuthandiza womudikirira kumvetsa zimene madokotala anena. Bambo anga ndiwo anakauza abale ena, ndipo mawu ochokera kwa iwo anamveka bwino kuposa akanachokera kwa ine. Pa maliro, sankhani pamodzi ndi akuluakulu a banja amene simungalephere kupitako, ndipo mukapita dziwitsani ofesi ya sukulu ndi kalata musananyamuke, makamaka ngati pali mayeso. Azakhali a miyendo yotupa aja muwauze kuti: "Azakhali, pitani akakuyezeni BP, shuga ndi mkodzo ku chipatala chapafupi, ndipo kabuku kanu kakuchipatala mukasunge bwino, ndidzakaona ndikabwera pa Khirisimasi."