Mmene mungasinkhesinkhire za chikondi ndi imfa powerenga mabuku akale a ku Russia

Munthu wofuna kusinkhasinkha za chikondi ndi imfa kudzera mwa alembi a ku Russia asathamangire mabuku akuluakulu, koma ayambe ndi The Death of Ivan Ilyich, kabuku kamene Leo Tolstoy anatulutsa mu 1886. Ndi nkhani ya Ivan Ilyich, woweruza milandu wa zaka 45 amene anagwa pa makwerero akukongoletsa nyumba yake yatsopano, kenako n'kudwala matenda amene madokotala sanagwirizane kuti ndi chiyani. Musanafike patali, lembani mayina papepala, chifukwa m'mabuku amenewa munthu mmodzi amaitanidwa ndi mayina angapo.

Powerenga, gwirani pensulo ndipo muziika chizindikiro paliponse pamene munthu wina wayandikira wodwalayo. Muzidzifunsa kuti ndani akumunamiza kuti achira, nanga ndani akumukhudza ndi manja. Mudzaona kuti anzake a kuntchito atamva za maliro ake, maganizo awo oyamba anali pa udindo umene wasiya, ndipo mkazi wake anali kufunsa za ndalama zimene boma lingamupatse. Koma Gerasim, wantchito wochokera kumudzi, ankamusamalira mosanyansidwa, ankanyamula miyendo yake pamapewa ngakhale usiku wonse kuti ululu uchepe, ndipo ndi iye yekha amene sankabisa kuti bwana wake akufa. Ndime zimenezi muziwerenge kawiri, pang'onopang'ono, chifukwa ine ndimaona kuti Tolstoy amayesa chikondi poona amene watsala pafupi ndi bedi la wodwala, osati pomvera mawu okoma.

Mukamaliza, tengani Anna Karenina, nkhani inanso ya Tolstoy, imene inatuluka ngati buku mu 1878. Ambiri amangotsatira za Anna ndi chibwenzi chake Vronsky mpaka pamene Anna anadziponya kunsi kwa sitima, koma inu musadumphe mitu yokamba za Levin ndi Kitty, mkazi amene anamukwatira. Mu gawo 5, mutu 20, umene ndi wokhawo wokhala ndi dzina m'buku lonselo, ndipo dzinalo ndi imfa, Nikolai, mkulu wake wa Levin, akumwalira ndi chifuwa chachikulu m'chipinda chauve cha hotela. Levin, ngakhale amamukonda, akuuma ndi mantha, pamene Kitty akulamula kuti m'chipindamo muyeretsedwe ndiponso kuti wodwalayo asinthidwe zovala. Yerekezerani Kitty ndi Gerasim, ndipo mulembe m'kope lanu chimene awiriwa akudziwa chimene amuna ophunzira monga Levin sakuchidziwa.

Musalekeze pamenepo poganiza kuti ukwati wabwino wathetsa mantha a Levin. Pitirirani mpaka gawo 8, pamene iye, ali ndi mkazi womukonda ndi mwana wakhanda, akubisa chingwe ndi kupewa kuyenda ndi mfuti poopa kuti angadziphe.