Momwe mungakonzekere kukwera Sapitwa pa phiri la Mulanje

Sapitwa ndiye malo okwera kwambiri m'Malawi muno: mamita 3,002. Ena akamva kuti Kilimanjaro ndi mamita 5,895 amayamba kuidelera, nkumaganiza kuti ndi ulendo wa Loweruka limodzi. Chimene chimagonjetsa anthu pa Sapitwa si kutalika kwake ayi. Ndi chitunda chosapumitsa, miyala yoterera, kuzizira, ndi nkhungu imene imatseka njira munthu akuona. Kukonzekera kwanu kuyang'ane zimenezi.

1. Yambani ndi kusankha mwezi

Nyengo ya mvula, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Epulo, isiyeni. Miyala ikanyowa sigwirika, ndipo timitsinje tomwe mumadumpha m'chilimwe timadzaza mwadzidzidzi. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe safunika kuuzidwa za napolo: anamuona mu 1991, anamuonanso nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumayera bwino, koma ndiyo nthawi ya chiperoni, mphepo yozizira ya mvula yowaza imene imatha kukhala masiku angapo osachoka. Usiku wa Juni ndi Julaye pamwamba pamagwa chisanu chenicheni. Kwa amene akukwera koyamba, ine ndinganene Seputembala. Miyala imakhala youma ndipo kuzizira kwachepako, ngakhale utsi wa moto wolusa umabisako malo akutali. Okutobala ndi wabwinonso, koma kumunsi kumatentha koopsa, ndiye muyenera kulawira.

2. Konzani miyendo, makamaka yotsikira

Dzipatseni miyezi iwiri. Kuthamanga pabwalo la mpira kumathandiza mtima, koma sikuphunzitsa miyendo chitunda. Pezani phiri. A ku Blantyre muli ndi Michiru, Soche ndi Ndirande; a ku Lilongwe pitani ku Bunda kapena ku Nkhoma; a ku Zomba ndi Dedza phiri lili pakhomo. Ngati zonsezi zili kutali, masitepe a nyumba yosanja akwanira.

Kawiri pa sabata yendani ola limodzi mutabereka chikwama. Yambani ndi makilogalamu 4, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka afike 8. Kumapeto kwa sabata yendani ulendo wautali, maola anayi kapena asanu. Ulendo usanafike, yesani kuyenda masiku awiri otsatizana, chifukwa paphiri mudzadzuka ndi ntchafu zowawa nkuyambanso kukwera.

Ambiri amaiwala kuti kutsika ndiko kumapha maondo. Mukakwera phiri loyeserera, musakwere galimoto pobwerera. Tsikani ndi miyendo, mapazi afupiafupi, maondo opindika pang'ono. Ndipo ngati muli ndi vuto la mtima, BP, shuga kapena mphumu, kaonaneni ndi adokotala musanayambe zonsezi.

3. Pezani wolondolera njira

Apa sipofunika kukambirana. Ambiri amayambira ku Likhubula, komwe kuli ofesi ya nthambi ya zankhalango. Mukafika pa Chitakale mumakhotera msewu wa ku Phalombe. Kumeneko mumalembetsa, kulipira zolowera, ndi kupeza olondolera njira ndi onyamula katundu odziwika. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo mumvane za chakudya chawo.

Mu 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa atasiya womulondolera. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Sanali munthu wofooka kapena wosazolowera maulendo. Nkhungu ikagwa pamiyala ija, mbali zonse zimafanana.

Olondolera ena adzakuuzani za mizimu ya m'phirimo ndi malamulo ake. Mukhulupirire kapena ayi, mverani mwaulemu. Phirili ndi lopatulika kwa anthu ozungulira, ndipo chimenecho ndi china mwa zifukwa zomwe bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025.

Wonyamula katundu musachite naye manyazi. Ndi ntchito yake, ndipo msana wanu mudzaufuna mawa lake.

4. Gawani ulendo m'masiku atatu kapena anayi

Paphiri pali tinyumba togona: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi tina. Kanyumba koyandikira Sapitwa ndi Chisepo, pa mamita pafupifupi 2,200. Alipo amene amachoka ku Likhubula nkukagona ku Chisepo tsiku lomwelo, koma kwa woyamba kumeneko nkudzizunza. Ndi bwino kukwera njira ya Skyline, yomwe ndi yachidule koma yoimirira, kapena ya Chapaluka yodutsa ku Dziwe la Nkhalamba, nkukagona ku Chambe. Tsiku lachiwiri mupite ku Chisepo, lachitatu ku nsonga. Siyani tsiku limodzi lapadera loti nyengo ikavuta mudikire. Amene amakakamira kukwera munkhungu kawirikawiri ndi amene Lolemba akufunika kuntchito.

M'tinyumbamo mumakhala alonda amene amakoleza moto ndi kutunga madzi. Chakudya ndi zofunda mubwere nazo nokha, ndipo musaiwale kangachepe kowathokoza.

5. Longedzani poganizira kuzizira

Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Mukhoza kuchoka ku Likhubula mukutuluka thukuta, nkukafika pamwamba zala zosapindika. Onjezanipo mphepo ndi zovala zonyowa, ndiye mwafika pamene thupi limalephera kudzitenthetsa lokha. Munthu amayamba kunjenjemera, kulankhula mosokonekera, kenako kufuna kugona. Zikafika apo ndi ngozi: mvuleni zonyowa, mfunditseni, mpatseni chakumwa chotentha cha shuga ngati akutha kumwa.

Choncho valani zovala zingapo zopepuka m'malo mwa chijasi chimodzi cholemera: malaya ouma msanga, juzi, ndi jekete losalowa mvula. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma. Tengani chipewa chofunda, magolovesi, ndi masokosi apadera ogonera. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika, simufunika kupita ku sitolo yodula. Zikulungeni m'majumbo musanaziike m'chikwama.

Nsapato ndiye musaumire. Zikhale ndi mphira yogwira pamwala, ndipo muzikhala mutaziyendera kale milungu ingapo. Nsapato yatsopano imakupatsani matuza tsiku loyamba. Mudzaona onyamula katundu akuuluka ndi masilipasi kapena opanda nsapato nkomwe. Musawatengere. Ena mwa iwowa ndi aja amathamanga mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka.

Zina zofunika: tochi yovala kumutu ndi mabatire apadera, wezulo, pulasitala, bandeji, mankhwala opha ululu, Thanzi ORS, ndi pawabanki. Netiweki imapezeka malo ena okha, choncho uzani wachibale njira yanu ndi tsiku lotsika musanakwere.

Chakudya chamadzulo chikhale mpunga, ufa kapena supageti ndi ndiwo zosavuta monga usipa kapena soya. Cham'njira chikhale m'thumba lapafupi: mtedza wokazinga, nthochi, mbatata yophika, buledi wa chiponde. Idyani pang'ono ola lililonse musanamve njala. Madzi nyamulani malita awiri; a m'mitsinje awiritseni kapena thiranimo mankhwala.

6. Dziwani zimene mpweya wochepa umachita

Kupitirira mamita 2,500 ena amayamba kumva mutu, nseru, chizungulire ndi kusowa chilakolako cha chakudya. Sizisankha wamphamvu kapena wofooka. Kugona ku Chambe ndi ku Chisepo kumapatsa thupi mpata wozolowera, ndipo pa nsonga simukhalitsa, ndiye ambiri zimangothera pa kupuma mwawefuwefu. Yendani liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu. Mowa udikire mpaka mutatsika. Mutu ukamakula ngakhale mwapuma ndi kumwa madzi, kapena wina akayamba kusanza, kudzandira ngati woledzera, kapena kubanika atangokhala pansi, mankhwala ake ndi kutsika basi, ndipo asatsike yekha.

7. Tsiku la nsonga

Nyamukani kusanache. Katundu wolemera asiyeni ku Chisepo, mutenge kachikwama ka madzi, chakudya, jekete ndi tochi. Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, kutsika chimodzimodzi kapena kuposerapo. Mbali yaikulu simuyenda ndi miyendo yokha: mumakwawa pamatanthwe otsetsereka, kugwira ndi manja, ndi kudzipanikiza m'mipata ya miyala ikuluikulu. Ndodo apa ingokusokonezani. Pamiyala pali zizindikiro za penti, koma nkhungu ikabwera sizioneka patali.

Usiku wake, pamoto, panganani nthawi yobwerera. Mwachitsanzo, ikakwana 11 koloko musanafike, mutembenuke, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Panganiranitu chifukwa pamwamba, mutatopa komanso mutalipira kale ndalama, mtima umakunamizani kuti kwatsala pang'ono. Wolondolera akayang'ana kumwamba nkunena kuti "bwana, tibwerere," musayambe kumunyengerera ndi ndalama yoonjezera.

Potsika ndi pamene ambiri amavulala, poti miyendo yatopa ndipo maganizo afika kale kunyumba. Pamwala wotsetsereka khalani pansi muzitsetsereka ndi matako. Buluku likang'ambika mukasoketsa kwa atelala pa Chitakale. Musasiyane patali, ndipo woyenda pang'onopang'ono akhale patsogolo, pambuyo pa wolondolera. Zinyalala zanu tsikani nazo, ndipo wina akakutsatsani zosema za mkungudza wa m'phirimo, kanani: mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu.