Musamalize ndalama anthu akadali m'nyumbamo

Abale anga a ku Ulongwe, Tsangano mpaka Moatize, nkhani yogula nyumbayi ikundimvetsa chisoni, munthu wagulitsa mbatatesi zaka zitatu, wapereka ndalama zonse, kenako akubwera ndi katundu pa ngolo n'kupeza kukhitchini kukufuka utsi, mayi wina akuphika nsima ndipo akuti iyeyo palibe anamuuza zosamuka.

Kumbukirani kuti kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, lamulo la malo la 1997 limatero. Mukugula nyumba ndi zina zomwe zili pamalopo, ndiye funsani za DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malowo, muone kuti ili m'dzina la ndani.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi ichi: kugulitsa nyumba sikuthetsa kontrato ya munthu wa renda. Inu ogula ndi amene mumasanduka eni nyumba ake, ndipo ngati kontrato yake yatsala miyezi 8, akhala miyezi 8 imeneyo, simungangomutulutsira mapoto panja ayi. Wogulitsa akati "aaa ameneyo atuluka mawa", pitani mukalankhule naye nokha wa rendayo, muone pepala lake ndi maso anu. Chimodzimodzi nyumba ya masiye, amalume okha asakugulitseni ana akukhalamo, ndipo ngati wogulitsa ali pabanja akazi awo kapena amuna awo asayinenso.

Lembani kontrato yolonjezana, ija timati promessa de compra e venda, mulembemo tsiku lenileni loti nyumba ikhale yopanda munthu, yopanda katundu, makiyi onse ali m'manja mwanu. Perekani sinali yokha, ndalama yoyamba ya chikole ija, zotsalazo tsiku la makiyi. Lamulo limati wogulitsa akabwerera m'mbuyo abweze sinali kawiri, mukabwerera inuyo sinali yapita, n'chifukwa chake mawu oti ndalamayo ndi sinali alembedwe poyera ndi kuchuluka kwake kwa mametikali.

Kapepala ka sekeretariyo wa bairu kapena umboni wa a nyakwawa ndi zabwino, ine ndimalimbikitsa, koma pa zokha sizikwanira, kugula kumalizikire kwa notariyo, wotsimikiza mapepala mwalamulo, ndipo nyumba ikalembetsedwe ku Conservatória, ofesi ya boma yolembetsa nyumba. Onaninso ngati kulibe ngongole ya madzi. Ngati mulibe ndalama ya loya, tengani mapepala onse mupite ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza anthu pa zamalamulo, akakuwerengereni musanasayine, osauka amathandizidwa ulere.