Musanaphike kondowole wa pamsika

Inu amene mumagula ufa wa kondowole kuno ku Lilongwe, musamangokopeka ndi kuyera kwake. Chinangwa chowawa chimakhala ndi poizoni wa cyanide, ndipo chikavuulidwa msanga m'madzi pothamangira msika, poizoniyo amatsalira mu ufa. Chimayenera kusendedwa, kuviikidwa masiku 3 mpaka 5 kuti chifewe, kenako chiume bwinobwino. Funsani wogulitsa kuti anaviika masiku angati. Lawaninso pang'ono, ukawawa pa lilime, usiyeni.

Ine ndikafika nawo pakhomo ndimauthira m'beseni, n'kuuwaza madzi mpaka unyowe wonse. Ndimauyala mopyapyala pa lichero, osapitirira sentimita imodzi, n'kuusiya pamthunzi maola 5, kapena padzuwa maola 2. Poizoniyo amatuluka ngati mpweya. Nsima yake ndimaphika tsiku lomwelo. Zimadya nthawi, inde, koma ndimaganizira ana. Mwana akayamba chizungulire, mutu ndi kusanza atangodya, thamangirani naye kuchipatala. Kudya ufa wokhala ndi poizoni kwa masabata, ndiwo zili zoperewera, kumabweretsa konzo, matenda opuwalitsa miyendo omwe sachizika.

Koma zitsulo zoopsa monga mtovu sizichoka ndi kuviika kapena kuphika. Pewani makaka oyanikidwa pa tala m'mbali mwa msewu, pomwe fumbi ndi utsi wa magalimoto zimagwerapo.

Anzanga ogayitsa matumba ambiri kuti mugulitse, kayezetseni ufa wanu ku Malawi Bureau of Standards. Mlingo wa Codex, malamulo a zakudya a dziko lonse lapansi, umalola cyanide wosapitirira mamiligalamu 10 pa kilogalamu imodzi ya ufa.