Mukafuna kukaona zionetsero za amayi ku myuziyamu

M'mwezi wa Malichi nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimakonza zionetsero za amayi amene anachita zazikulu, chifukwa cha tsiku la amayi la pa 8 Malichi. Koma musapite tsiku lenilenilo. Kumakhala piringupiringu, ndipo wotsogolera alendo amangothamanga nanu. Pitani mkati mwa sabata, chakum'mawa.

Musanachoke pakhomo, sankhani mayi mmodzi yekha n'kuwerenga za iye. Tinene Marie Curie, katswiri wa sayansi amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi 1911. Mukakalowa mu Musée Curie ku Paris n'kuona labotale yake, simudzangoyang'ana ngati mlendo wosochera. Ana nawonso amagwira msanga nkhani ya munthu mmodzi kusiyana ndi mndandanda wa mayina.

China chimene ambiri amachiphonya ndi timapepala tofotokozera zinthu. Mukapeza mbiya kapena nsalu yolembedwa kuti wopanga sakudziwika, funsani woyang'anira kuti ntchito yotere inkagwiridwa ndi ndani m'deralo. Nthawi zambiri adzakuuzani kuti ndi amayi, kungoti wotolera zinthuzo sanavutike n'kulemba mayina awo.

Ulendo ukakanika, National Museum of Women in the Arts, myuziyamu ya zaluso za amayi ya ku Washington, yomwe inatsegulidwa mu 1987, ili ndi zambiri pa intaneti.