Momwe mungazolowerere dziko lachilendo pogwira ntchito yodzipereka muli pasukulu

Wophunzira amene wangofika kumene kunja amadziwa msanga njira ziwiri basi: ya kukalasi ndi ya kuchipinda chake. Masabata amatha akungocheza ndi foni, ndipo munthu wa komweko amene walankhula naye ndi wogulitsa m'sitolo yekha. Ntchito yodzipereka, yosalandira malipiro, imamutulutsa munthu m'khola limeneli, koma ili ndi kayambidwe kake.

Yambani ndi viza yanu musanalonjeze aliyense. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti chinthu chosalipidwa sichingatchedwe ntchito pamaso pa boma. Ku UK, wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ikakhala ili mkati, ndipo malamulo akumeneko amasiyanitsa zinthu ziwiri. Ngati mukungothandiza mwa kufuna kwanu, popanda pangano lokumangani, maolawo sawerengedwa. Koma pakakhala mgwirizano wokukakamizani kufika nthawi yakutiyakuti n'kugwira ntchito zakutizakuti, maolawo amalowa pa 20 paja ngakhale musalandire kanthu. Ku America, wa viza ya ophunzira yotchedwa F-1 angathe kuthandiza bungwe lachifundo, koma kugwira ulere pakampani ntchito imene ena amalipidwa nayo kungamuike m'madzi otentha. Lemberani imelo ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu, fotokozani ntchitoyo ndi maola ake, ndipo yankho lawo mulisunge bwino.

Mukatero, sakani malo. Bungwe la ophunzira pasukulu panu nthawi zambiri limakhala ndi mndandanda wa mabungwe ofuna anthu. Ku UK kuli masitolo a mabungwe achifundo a Oxfam ndi British Heart Foundation ogulitsa katundu amene anthu apereka. Ku Germany kuli Tafel, imene inayamba ku Berlin mu 1993, yotolera chakudya chotsala m'masitolo n'kugawira osowa. Red Cross nayo mudzaipeza pafupifupi dziko lililonse.

Posankha m'pamene pagona nkhani. Ine ndimati pewani zochitika za tsiku limodzi, zija mumavala malaya ofanana, kujambulitsa chithunzi, n'kubalalika osadziwana mayina. Funani ntchito yobwerezabwereza, ya anthu omwewo sabata ndi sabata, komanso yoti manja akugwira, pakamwa pakuyenda. Kuchipinda cha kuseri kwa sitolo yachifundo mumakhala awiri kapena atatu, mukumasula matumba a zovala, kupatula zong'ambika, kumata mitengo pa zabwino. Maola atatu oterewa, mayi wachikulire amene mwaima naye akhala atakuuzani basi yotsika mtengo, kogula jekete la nyengo yozizira, ndi tanthauzo la mawu aja anakusokonezani kwa dokotala. Zimenezi m'kalasi simungazimve.

Ngati ndinu wamanyazi, yesani parkrun. Ndi kuthamanga kwaulere kwa makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, kumene kunayambira ku Bushy Park mu London mu 2004 ndipo kunafalikira m'mayiko ambiri. Simufunika kuthamanga ayi. Mutha kuima pokhota n'kumalozera anthu njira, kapena kugawira omaliza timakadi tosonyeza nambala imene afikira. Ikatha, ambiri amakakhala pamodzi kumwa khofi. Musathawe pamenepo, chifukwa ndicho mwadzera.

Za mapepala musazengereze. Ntchito yokhudza ana kapena okalamba imafuna kuti afufuze kaye mbiri yanu. Ku England ndi Wales kafukufukuyu amatchedwa DBS, ndipo kwa odzipereka ogwira ndi magulu amenewa ndi waulere, koma angatenge masabata. Ena amapemphanso kalata ya apolisi a dziko limene mwachokera, ndi dzina la munthu wokuchitirani umboni. Mphunzitsi wanu akhoza, bola mum'pemphe kaye.

Tsiku loyamba fikani nthawi isanakwane, ndipo mayina a anzanu muwalembe mu foni mukangotuluka. Mukapanda kumva, nenani kuti abwereze. Kugwedeza mutu pa chinthu chimene simunamve kumangochedwetsa khutu kuzolowera kalankhulidwe kawo, ndipo tsiku lina mudzavomera kubwera Lamlungu musakudziwa.

Musadzisenzetse katundu wambiri. Maola awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira, popeza chimene munapitira kumeneko ndi sukulu. Mayeso akayandikira, uzani woyang'anira nthawi ikadalipo kuti mupuma kaye. Kungosowa osatsanzika kumawononga dzina limene mwakhala mukulimanga. Ndipo mukaona kuti akukuumirizani maola ochuluka, akufuna kusunga pasipoti yanu, kapena akuti mulipire ndalama kuti akulembeni, chokanipo ndipo mukadziwitse ofesi ya kusukulu ija.

Pakatha miyezi ingapo, pemphani woyang'anira akulembereni kalata yonena zimene mwakhala mukuchita, ndi masiku ake. Olemba ntchito kumeneko amakonda kufunsa munthu wa m'dziko lomwelo amene angakuchitireni umboni, ndiye musanachoke tenganinso imelo yake ndi nambala ya foni ya kuofesi.